Zipolopolo za Tsabola ku Karama

Ndiyambe ndi kunena kuti mtsutsowo ndinapambana ine. Ndikutchula zimenezi poyambirira chifukwa pa zonse zimene zinachitika Lachinayi lija, mfundo yokhayi ndi imene ndingaime nayo pagulu osazolika, ndipo akazi anga anandiletsa kuitchula m'nyumba mwathu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndinkagwira ntchito ku kampani ina ya inshulansi ku Dubai. Ntchito yanga inali yowerengera ngozi: kuyang'ana chinthu chimene sichinachitike n'kunena mpata woti chichitike. (Owerenga asunge mfundo imeneyi, adzaifuna kutsogoloku pondiseka.) Tinkakhala ku Karama, m'nyumba ya pamwamba pa shopu ya atelala, ine, akazi anga amayi a Tadala, omwe anali namwino ku Oud Metha, ndi mwana wathu Tadala. Chilolezo chokhalira m'dzikomo chinali pa dzina langa, ndipo awiriwo ankakhala pansi pa chilolezo changacho. Ine kungothamangitsidwa, tonse tikanalongedza. Amayi a Tadala ankandikumbutsa zimenezi nthawi iliyonse ndikayamba kufotokozera woyendetsa takisi njira yabwino kuposa imene wasankha.

Mnzanga wa mitsutso anali a Zulu, injiniya wa ku Chipata amene anakulira ku Lusaka. Banja lawo linali kwawo, choncho Lachisanu lililonse, lomwe linali tsiku lopuma, ankadzadya nafe. Tsiku lina anangotchula kuti ali ku Lusaka ankayenda ndi mfuti ya m'manja, ya chilolezo, yodzitetezera, ndipo zipolopolo ankadzikonzera okha. Ankatenga khoko la chipolopolo chowombedwa kale, n'kuthiramo wonga wina, n'kuika mutu watsopano. Ine ndinali ndisanagwirepo mfuti chibadwire. Koma ndinali nditawerenga, ndipo munthu wowerenga kukhala chete kumamuvuta.

Ndinawauza kuti mfuti imene munthu akuikira moyo wake iyenera kudya zipolopolo za ku fakitale basi.

"Mudala," anatero a Zulu, "chipolopolo chimene ndapanga ndi manja anga ndimachidziwa ngati mwana wanga. Cha ku fakitale chinapangidwa ndi munthu amene maganizo ake anali pa nkhomaliro."

"Cha ku fakitale chimapangidwa ndi makina, a Zulu, ndipo makina saganiza za nkhomaliro. Amene amaganiza za nkhomaliro ndinu. Mwafunsa kale kawiri ngati nyama yapsa."

Mfundo yanga inali yosavuta. Dzanja la munthu limalakwitsa. Tsiku lina lidzaiwala kuthira wonga, ndipo mfuti idzakhala duu pamaso pa chigawenga. Tsiku lina lidzathira kawiri, ndipo mfuti idzaphulikira mwini wake. Ndinawonjezanso za kukhoti: kuti loya adzaimirira n'kunena kuti munthu uyu zipolopolo za m'sitolo sizinamukwanire, anachita kukhala pansi n'kudzipangira zake.

"Loya akamandifunsa mafunso," anatero a Zulu, "ndiye kuti ndili moyo. Afunse chabe."

Mtsutsowu unatenga miyezi. Ndiyenera kunena, chifukwa cha chilungamo, kuti ku Dubai mlendo sayenda ndi mfuti, kuti mfuti ya a Zulu inali itatsekeredwa ku Lusaka, komanso kuti ku Karama munthu ukaiwala chikwama m'sitolo mwini sitolo ankakuthamangira nacho. Amayi a Tadala anatifunsapo tsiku lina akuchotsa mbale.

"Kodi inu awiri, mfuti imene mukukanganiranayo ili kuti?"

"Ndi nkhani ya mfundo, mayi," ndinatero.

"Mfundozo zimadya nyama yambiri," anatero, n'kulowa kukhitchini.

Sitepe yoyamba yopita ku tsoka anaiponda ndi a Zulu. Ananena kuti sangapitirize kutsutsana ndi munthu amene sanamvepo fungo la wonga. Choncho tinapita ku kalabu ina yowombera mfuti kunja kwa mzinda, kumene mlendo amabwereka mfuti n'kuwombera pepala mphunzitsi ali pambali pake. Anandiveka zotseka m'makutu, nandionetsa kaimidwe. Ndinawombera kangapo, ndipo pepalalo silinavulale kwambiri. Kenaka khoko limodzi, lotentha ngati khala, linadumpha m'mfuti, linagunda khoma n'kulowa pakolala ya malaya anga. Ndinayamba ndaika mfuti pathebulo monga anatiphunzitsira. (Ichi ndi chinthu chanzeru chomaliza chimene ndinachita m'nkhaniyi, ndipo ndikufuna chilembedwe.) Kenaka ndinavina. Mphunzitsiyo, mkulu wofatsa, anadikira kuti ndimalize, n'kunena kuti, "Yalla, habibi, tiyeni, chipolopolo chotsatira."

Ndili chiweramire kukutumula malaya, ndinaona makoko amkuwa ali mbwee pansi, ndipo nzeru inandifikira. Ngati vuto lili pa dzanja la munthu, dzanjalo likhoza kuyesedwa. Sipafunika mfuti, sipafunika wonga. Pafunika makoko, ufa uliwonse wosalala, ndi sikelo. Pakhoma panali chikwangwani choletsa kutuluka ndi chilichonse cha pamalopo. Ndinachiwerenga mosamala, n'kugamula kuti chikunena za zipolopolo, pomwe ine ndikutola zinyalala. Ndinadzaza thumba la thalauzi.

A Zulu ndinawafotokozera dongosolo lonse m'galimoto. Aliyense adzadzaza makoko ake ndi kasupuni kamodzimodzi, kwinaku tikucheza monga amachitira munthu aliyense wogwira ntchito kunyumba. Tikatha tidzatseka, n'kuyeza limodzilimodzi. Makoko akalemera mofanana, a Zulu apambana. Akasiyana, ndapambana ine.

"Manje ufa wake uti?"

"Tsabola wakuda wopera. Amafanana ndi wonga."

"Ndipo mutu?"

"Phula la kandulo."

Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti dzanja lawo silinawachititsepo manyazi. Injiniya wathunthu, wa madigiri ake, sanaone vuto lililonse. Ndimatchula zimenezi kuti mlandu tigawane.

Ndinagula kasikelo koyezera golide ku Deira. Tinasankha Lachinayi masana, amayi a Tadala ali kuntchito ndipo Tadala ali kwa mnzake wa kusukulu. Tinayala nyuzipepala pathebulo lodyera, n'kukhuthulira tsabola pakati, kamulu kakuda bii. Kasikeloko kankagwedezeka ndi kamphepo kalikonse, choncho tinatseka mawindo n'kukoka makatani. Makina oziziritsa m'nyumba anali atafa sabata imeneyo, ndiye posakhalitsa tinavula malaya n'kutsala ndi mavesiti. Tsabola anayamba kutiyetsemulitsa, ndipo ndinatenga masiki ndi magolovesi m'kabati ya amayi a Tadala. Anayamba kutilowa m'maso, ndipo ndinapeza magalasi osambirira. A Zulu anatenga anga. Ine ndinavala a Tadala, apinki, okhala ndi tinsomba m'mbali.

Chilichonse mwa zinthu zimenezi chinali ndi chifukwa chomveka. Ndabwereza kuziganizira kwa zaka zambiri ndipo sindinapeze sitepe imodzi yopanda chifukwa. Vuto ndi lakuti munthu wobwera kuchokera panja saona zifukwa, amaona zonse pamodzi.

Tinadzaza makoko kwinaku tikukangana za mpira, monga dongosolo linanenera. Tinaumba timitu taphula n'kutseka. Kenaka panabuka funso lakuti tidzasiyanitsa bwanji anga ndi awo. Ndinalowa kuchipinda n'kutenga timabotolo tiwiri ta utoto wa amayi a Tadala wopaka m'zikhadabo. Mitu ya a Zulu tinaipaka ofiira. Yanga tinaipaka utoto wooneka ngati mkuwa, ndipo itauma ndinanyadira kwambiri, chifukwa inkaoneka ngati yeniyeni. Tinaziimika m'mizere iwiri, zikunyezimira.

Tisanayeze ngakhale chimodzi, kunamveka kugogoda.

Ndinali nditaiwala kuti ine ndemwe ndinakadandaula za makina oziziritsa aja. Ndinatsekula chitseko mmene ndinalili. Panja panali mlonda wa nyumba yathu, mkulu wa ku Pakistan dzina lake Rafiq, ndi mmisiri atanyamula bokosi la zipangizo. Rafiq anandiyang'ana ine, anayang'ana tinsomba, kenaka maso ake anadutsa paphewa panga n'kukafika pathebulo: mizere ya zipolopolo, kasikelo, mulu wa ufa wakuda, ndi a Zulu ali chiimire m'chimdima, atakweza manja a magolovesi ngati dokotala wa opaleshoni.

"Baad mein, bhai," anatero Rafiq, kutanthauza kuti abweranso nthawi ina. Mmisiri uja anali atafika kale pa masitepe.

Ndinaona kuti pakufunika mawu olimbitsa mtima. Ndinatulutsa mutu pakhomo n'kunena m'Chingerezi chomveka bwino, kudzera m'masiki, kuti, "Musadandaule, sitinamalize."

Nditatseka chitseko, a Zulu anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Mudala, mwawauza kuti chiyani?"

Anafuna kuti titaye zonse m'chimbudzi. Ndinakana. Ndinati munthu wosalakwa sabisa umboni.

"Wosalakwayo ndi ndani muno?" anafunsa.

Pamene ndinkavala malaya kuchipinda, a Zulu anachita zimene mtima wawo unawauza. Makoko sanawakhudze, poopa ine. Koma anakokolola tsabola yense, pamodzi ndi paketi yake, n'kumutsira m'sinki, n'kutsekula mpopi. Mwa zinthu zonse za pathebulopo, anataya chinthu chimodzi chokha chimene chikanatiyankhulira.

Apolisi anabwera mwaulemu kwambiri, moti ulemuwo unandiopsa kuposa kukalipa. Analongedza zonse m'thumba la pulasitiki, natipempha kuti tiwaperekeze. Atelala onse a pansi paja anasiya makina n'kuima pakhomo, matepi ali m'khosi.

Ku polisi anatilowetsa mu ofesi ya mkulu wina wa ndevu zaimvi, wolankhula motsitsa. Anandandalika zipolopolo zathu pa desiki, zofiira uku, zamkuwa uku. Posakhalitsa amayi a Tadala, omwe apolisi anawaitanitsa kuntchito, analowa ali m'yunifolomu, chikwama atachigwira ndi manja awiri. Sanandiyang'ane. Anayang'ana pa desiki, ndipo ndinaona kuti azindikira mitundu yonse iwiri.

"Mfuti ili kuti?" anafunsa mkuluyo.

"Tilibe mfuti, bwana," ndinayankha.

"Mukuyembekezera kuipeza?"

"Ayi, bwana."

"Nanga zipolopolo ndi zachiyani?"

"Kunena mwatchutchutchu, bwana, si zipolopolo. Ndi chitsanzo cha zipolopolo. Mnzangayu ndi ine timasiyana maganizo pa funso lakuti munthu woyenda ndi mfuti yodzitetezera azigwiritsa ntchito zipolopolo zodzikonzera kapena za ku fakitale."

"Koma mfuti mulibe."

"Tilibe."

"Nonse awiri."

"Nonse awiri, bwana."

Anatembenukira kwa wapolisi wachinyamata amene ankalemba, nalankhula naye pang'ono m'Chiarabu. Wachinyamatayo anasiya kulemba.

"M'katimu muli chiyani?"

"Tsabola."

Mkuluyo anafotokoza, mosakweza mawu, kuti makoko okhawo ndi okwanira kuti aimbire foni kampani yanga. Anati mukapezeka wonga, nkhani ipita kukhoti, ndipo ikachoka kukhoti ipita ku bwalo la ndege, ine pamodzi ndi onse olembedwa pa chilolezo changa. Ponena mawu omalizawa anayang'ana amayi a Tadala, ndipo iwo anagwedeza mutu ngati munthu amene akumva zimene wakhala akunena yekha.

"Tiyeni tione tsabolayo," anatero.

Anasankha chimodzi cha mutu wamkuwa, changa. Anayala pepala loyera, anakolowola phula ndi nsonga ya kiyi, n'kuzondotsa khoko. Sipanagwe kanthu. Anagogoda pa desiki. Sipanagwe kanthu. Analiyang'anitsa pa kuwala kwa windo, n'kuliimika pakati pa pepala lopanda kadontho.

"Tsabola ali kuti?"

Ndinamva thukuta likutsika pomwe panadutsa khoko lotentha lija. Ndinali nditaiwala kudzaza limenelo. Ndikukumbukira ngakhale nthawi yake: a Zulu anali atanena zinazake zosayenera za timu ya mpira ya dziko lathu, ndipo ndinaika supuni pansi kuti ndiwayankhe ndi manja onse awiri.

"Mwina tsabola wotsala ali kunyumba?" anafunsa mkuluyo.

"Ali m'sinki, bwana," anatero a Zulu ndi mawu ang'ono.

"Munamutaya."

"Ndinamutsuka chabe."

Wachinyamata uja anayambanso kulemba, ndipo tsopano ankalemba mofulumira. Amayi a Tadala anatseka maso. Ndikudziwa zimene ankawerengera: sukulu ya mwana, ntchito yawo, ndi mmene adzafotokozere abale ku Zomba kuti tabwerera chifukwa cha zokometsera ndiwo.

Mkuluyo anatenga china, cha mutu wofiira. Anachotsa phula, anazondotsa. Apanso sipanagwe kanthu. Koma ataliyang'ana anaona kuti ladzaza mpaka pakamwa, lotsenderezeka ngati dothi la chiswe. Analigogoda, koma silinamasuke. Analiyandikitsa kumaso, n'kulitokosa ndi kiyi uja.

Linamasuka lonse nthawi imodzi.

Sindinaonepo munthu waulemu wake akuyetsemula chotero. Anayetsemula ataweramira kutsogolo, anayetsemula atagadamira kumbuyo, nduwira yake inapendekeka. Wachinyamata anathamangira kudzathandiza, analowa mu mtambo womwewo, nayenso anayamba. Mapepala anauluka. Wina anasuzumira pakhomo, n'kutsekanso msanga. Amayi a Tadala, poti ndi namwino, anatsekula chikwama n'kupereka timapepala topukutira kwa onse awiri.

"Khalas, basi," anatero mkuluyo potsiriza, misozi ili chuchuchu. "Ndi tsabola."

Pa pepala loyera lija panali mulu wokwana supuni ziwiri. Ndipo apa, owerenga, ndi pamene kuwala kunandifikira. Khoko langa linali lopanda kanthu: imeneyo ndi mfuti yokhala duu pamaso pa chigawenga. Khoko la a Zulu linali lothiridwa kawiri: imeneyo ndi mfuti yophulikira mwini wake. Zolakwa zonse ziwiri zimene ndinalosera zinali pa desiki ya boma, pamaso pa mboni za yunifolomu. Palibe wofufuza amene anapatsidwapo umboni woyera chotero.

"Bwana," ndinayamba, "ngati mungandilole, zimene mwaonazi zikutsimikiza ndendende mfundo imene ndakhala..."

Nsapato za anamwino zimapangidwa zofewa kuti zisasokose m'chipatala. Ndingachitire umboni kuti zikaponda chala cha munthu sizisokosadi, koma kufewako kumathera pomwepo.

Mkuluyo anapukuta m'maso, nakonza nduwira.

"Mayi, awa ndi amuna anu?"

"Inde, bwana."

"Amachita zimenezi kawirikawiri?"

"Masiku onse amangolankhula, bwana. Lero ndi tsiku loyamba kugwiritsa ntchito manja."

Ndevu zake zinagwedezeka pang'ono, ndipo sindikudziwa ngati kunali kuyetsemula kwina. Anatsekulitsa makoko otsalawo panja, pabwalo. Anatidzudzula mokwanira za chikwangwani cha ku kalabu chija, natiuza kuti iye anachiwerengapo ndipo sichivuta kumva. Makoko analanda. Tinasayina lonjezo lakuti sitidzabwerezanso, ndipo foni ya ku kampani sanaimbe. Kasikelo anapereka kwa amayi a Tadala, osati kwa ine.

"Ndikuwapereka m'manja mwanu," anawauza. "Inshallah sindidzawaonanso."

"Mukadzawaona, bwana, musadzandiitane."

Tinakwera takisi yobwerera kunyumba. Woyamba kulankhula anali a Zulu, ali kutsogolo, osatembenuka.

"Mudala, mwaona? Chanu sichinalire. Changa chinagwetsa apolisi awiri."

"Chanu chinathiridwa kawiri, a Zulu. Ikanakhala mfuti, bwenzi mulibe zala."

"Koma ndi chimene chatitulutsa. Likanakhala dzanja lanu lokha, bwenzi tikulongedza."

Ndinatsekula pakamwa kuti ndiwasonyeze kusiyana kwa mwayi ndi umboni, koma amayi a Tadala analankhula akuyang'ana pawindo.

"Utoto wamkuwa uja ndinkausungira ukwati wa mng'ono wanga. Bambo a Tadala, inu ndi anzanuwa, mawu akuti chipolopolo ndikadzawamvanso m'nyumba mwanga, ndidzapita ndekha kwa bwana uja kukamuuza kuti ndinanama, mumachita zimenezi sabata iliyonse."

Chilolezo chinapulumuka, ndipo tinakhala ku Karama zaka zina zingapo. Makina oziziritsa anatenga nthawi kuti akonzedwe, chifukwa mmisiri uja anakana kukweranso masitepe athu, ndipo kutentha kwa masiku amenewo ndinakupirira popanda wondimvera chisoni. Rafiq anandikhululukira, koma mpaka tsiku limene tinasamuka ankagogoda ataima chapatali. Atelala anandipatsa dzina m'chilankhulo chawo, ndipo palibe amene anavomera kundimasulira.

Ndimafunsidwa nthawi zina zimene ndinaphunzirapo. Ndinaphunzira kuti munthu asanatsekule chitseko aziyamba wavula magalasi. Pa funso lenilenilo sindinasunthe: dzanja la munthu limalakwitsa, ndipo ndinalitsimikiza ndi dzanja langa lomwe, zimene ofufuza ambiri salimba mtima kuchita. A Zulu, omwe anabwerera ku Lusaka, amanenabe kuti anapambana ndi iwo, ndipo tikamaimbirana foni ndimatuluka panja kuti tikambirane bwino.

Amayi a Tadala okha ndi amene anavomereza mfundo yanga yonse, ngakhale sananenepo. Mpaka lero, ndikapempha tsabola pa chakudya, sandipatsira botolo. Amandithirira okha.